Hash ikakana kugwirizana: kulondola pamene umboni wa pakompyuta wasinthira

Vutoli limabwera motere. Wofufuza mlandu watenga kanema wa CCTV, kapena kope lathunthu la diski ya woganiziridwa, n'kutumiza kwa woimira boma pa milandu. Kumeneko awerengera hash ya fayiloyo, mzere wa manambala ndi zilembo umene umakhala ngati chidindo chake, ndipo zimene zatuluka sizikufanana ndi zolembedwa m'doketi. Loya wa woimbidwa mlandu akamva zimenezi safunikanso kusonyeza kuti wina anaseweretsa umboni. Amangofunsa kuti, "Kodi fayilo ili m'khoti munoyi ndi yomwe ija munatenga tsiku lija?" Pakasowa woyankha ndi pepala m'manja, umboni umene anthu anauvutikira miyezi umayamba kugwedera.

Kawirikawiri sipakhala wachinyengo. Fayilo imasintha m'manja mwa anthu achilungamo: wina anaitsegula kuti angosuzumiramo, wina anaiponya pa WhatsApp poti abwana amaifuna msanga, wina anaiika pa fulashi yotopa. Nthawi zinanso palibe chasintha n'komwe, anthu awiri akungoyeza zinthu ziwiri zosiyana. Choncho musathamangire kukoperanso. Fayilo yokanayo isiyeni mmene ilili, musaifufute ndipo musaiphimbe ndi ina, chifukwa ndi imene ikuuzeni pamene zinalakwikira.

Kodi mukufananitsa zinthu zofanana?

Hash ndi mzere wa manambala ndi zilembo umene kompyuta imatulutsa ikawerenga zam'kati mwa fayilo kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Dzina la fayilo, foda imene ikukhala, ndi tsiku limene likuoneka pambali pake sizilowa m'masamu amenewa. Musinthe dzina kakhumi, hash ikhala yomweyo. Koma kukasintha kadontho kamodzi m'katimo, mzere wonse umasandulika, osati malo amodzi okha.

Ndiye ikani mizere iwiriyo pamodzi, wina pamwamba pa unzake. Ngati yangosiyana chilembo chimodzi kapena ziwiri, fayilo ilibe mlandu. Walakwitsa ndi amene anakopera hash pamanja: 8 anakhala B, 6 anakhala b, 0 anakhala D. M'hash mumapezeka manambala 0 mpaka 9 ndi zilembo a mpaka f basi, kotero mukaonamo O kapena l dziwani kuti cholembera chinaterereka. Pezani lipoti limene pulogalamu yokopera inatulutsa tsiku loyamba, mutenge hash m'menemo. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zisakusokonezeni: pulogalamu ya PowerShell ya pa Windows imalemba zazikulu, sha256sum ya pa Linux imalemba zazing'ono, koma ndi chinthu chimodzi.

Kenako werengani kutalika kwa mzerewo. Hash ili ndi mitundu ingapo: MD5 ili ndi zilembo 32, SHA-1 ili ndi 40, SHA-256 ili ndi 64. Msampha wofala uli pa Windows: mukalemba certutil -hashfile n'kuika dzina la fayilo lokha, imakupatsani SHA-1 osakuuzani mofuula. Muyenera kumaliza ndi SHA256 kumapeto kwa mzerewo. Mu PowerShell, Get-FileHash imapereka SHA-256 pokhapokha mutaiuza zina. Pa Linux lembani sha256sum, pa Mac shasum -a 256.

Maofesi ambiri akadalembabe MD5 yokha chifukwa ndi imene mafomu akale anasiyira malo. Pogwira fayilo imene yawonongeka mwangozi MD5 imagwirabe ntchito. Koma mu 2004 Wang Xiaoyun ndi anzake anasonyeza kuti n'zotheka kupanga dala zinthu ziwiri zosiyana zokhala ndi MD5 imodzi, ndipo mu 2017 akatswiri a Google ndi a CWI ya ku Amsterdam anatulutsa ma PDF awiri osiyana okhala ndi SHA-1 imodzi. Loya wodziwa ntchito amazitchula zimenezi. Lembani SHA-256, ndipo MD5 ikhale yongoperekeza ngati olandirawo akuifunabe.

Chimene chimagwetsa ngakhale ozolowera ndi mafayilo a E01. Kope la diski likasungidwa mu E01 limapanikizidwa, limawonjezeredwa dzina la wokopera ndi nambala ya mlandu, n'kudulidwa m'zigawo: E01, E02, E03, mpaka E99, kenako EAA. FTK Imager, pulogalamu yokopera diski, imadula zigawo za 1500 MB ngati simunasinthe. Hash yolembedwa mu lipoti ndi ya zam'kati mwa diski yoyambirira, osati ya chikwama cha E01 chimene zasungidwamo. Wolandira akangoloza sha256sum pa fayilo ya E01 amapeza hash ya chigawo choyamba cha chikwama, ndipo siingafanane ndi ya mu lipoti ngakhale pang'ono. Njira yake ndi kutsegula kopelo mu FTK Imager n'kusankha Verify Drive/Image, kapena kugwiritsa ewfverify. Ubwino wa E01 ndi woti chigawo chilichonse cha 32 KB chili ndi kachidindo kake, motero pulogalamuyo imakuuzani malo enieni amene awonongeka. Musanayambe zonsezi, werengani zigawo. Chimodzi chikasowa pakati, kope lonse limakana.

ZIP ili ndi khalidwe lofanana. Mafayilo omwewo mukawamanga mu ZIP lero ndi mawa, kapena ndi mapulogalamu awiri, ma ZIP awiriwo akhoza kukhala ndi hash zosiyana chifukwa cha masanjidwe, madeti ndi kapanikizidwe. Fananitsani mafayilo am'kati, limodzi ndi limodzi.

Kukula kwa fayilo kumaulula zambiri

Mukatsimikiza kuti mukuyezadi chinthu chimodzi ndi muyeso umodzi, onani kukula kwa fayilo mbali zonse ziwiri. Onani ma byte enieni, osati "1.2 GB" yongoyerekeza. Pa Windows tengani mzere wa Size, osati Size on disk.

Ngati ili ndi ma byte 0, kukopera kunalephera poyambirira pomwe. Fayilo yopanda kanthu ili ndi SHA-256 yodziwika, yoyamba ndi e3b0c442, ndi MD5 yoyamba ndi d41d8cd9. Mukaona zilembo zimenezi m'doketi ndiye kuti wina anayeza mphepo.

Ngati yaima pa ma byte 4,294,967,295, inadutsa pa fulashi kapena memori khadi ya FAT32, imene siisunga fayilo yofika 4 GB. Windows imakana poyera, koma zipangizo ndi mapulogalamu ena amalemba mpaka pamalire n'kusiya chiduswa chooneka ngati fayilo yathunthu. Kanema wotero amatseguka bwinobwino, kungoti mphindi zomaliza kulibe. Fulashi yonyamulira umboni ikhale ya exFAT kapena NTFS.

Ngati chithunzi kapena kanema wachepa kwambiri, mwina kuchoka pa 4 MB kufika pa ma KB mazana ochepa, wadutsa m'pulogalamu yotumizirana mauthenga. WhatsApp imapanikizanso chithunzi chotumizidwa ngati chithunzi, ndipo imachotsa EXIF, m'mene mumakhala mtundu wa foni, nthawi yojambulira ndi malo a GPS. Zimenezo sizibwereranso. Bwererani ku foni ya mboniyo mukatenge choyambirira ngati chikadalipo. Kutumiza ngati document kumasunga fayilo mmene ilili, komabe si njira ya umboni, chifukwa kope limatsala m'mafoni a anthu awiri, n'kukwera lokha ku Google Drive kapena iCloud kumene ofesi ilibe ulamuliro.

Kusiyana kwa ma byte ochepa ndiko kumavuta, chifukwa fayilo imaoneka yomweyo ndi maso. Apa wolakwa amakhala pulogalamu imene inaitsegula. Excel imalemba m'fayilo ya xls pongoitsegula, ngakhale osadina Save. Outlook imasintha PST, fayilo yake yosungira maimelo, ikangoilumikiza. Kutembenuza chithunzi chogona kuti chiimirire kumachisunganso mwatsopano m'mapulogalamu ambiri oonera zithunzi. SharePoint imalowetsa zolemba zake m'mafayilo a Word ndi Excel pamene akukwezedwa. Nkhokwe za SQLite za m'mafoni, m'mene mumakhala mameseji, zimayenda ndi timafayilo tiwiri tothera ndi -wal ndi -shm. Mukatsegula nkhokweyo ndi pulogalamu wamba, zimene zinali mu -wal zimathiridwa m'nkhokwe yaikulu, hash imasintha, ndipo zotsalira za mameseji ofufutidwa zikhoza kupita nazo. Koperani atatuwo pamodzi, mutsegule kope.

Pa mafayilo a mawu okhaokha, monga ma log a seva, pali kachizindikiro kokoma. Windows imamaliza mzere ndi ma byte awiri, Linux ndi imodzi. Ngati kusiyana kwa kukula kukufanana ndendende ndi chiwerengero cha mizere, ndiye kuti fayiloyo inadutsa pa FTP, njira yotumizira mafayilo pa netiweki, yoikidwa pa ASCII kapena pulogalamu ina imene inakonza mathero a mizere. Mawu onse alipo, ndipo mukhoza kusonyeza khoti zimenezo.

Kukula kukafanana koma hash n'kusiyana, kayikirani zipangizo: fulashi, chingwe cha USB, doko lake, kapena RAM ya kompyuta. Werengerani hash ya fayilo yomweyo katatu. Ikamatuluka yosiyanasiyana pa kompyuta imodzi, yesani pa ina ndi chingwe china. Palinso mafulashi achinyengo olembedwa 128 GB pamene m'kati muli 8 kapena 16. Amalandira chilichonse osadandaula n'kumalemba pamwamba pa zakale. H2testw imawagwira, ndipo fulashi yatsopano iliyonse iyenera kuyesedwa isananyamule umboni. China chimene ambiri sachidziwa: mukangomaliza kukopera n'kuwerengera hash pomwepo, kompyuta ikhoza kuwerenga zimene ikukumbukira mu RAM m'malo mowerenga fulashiyo. Itulutseni bwinobwino, muizule, muilowetsenso, kenako yezani.

Kubwerera m'mbuyo, dzanja ndi dzanja

Tengani kaundula wosonyeza manja onse amene umboni wadutsamo. Pa dzanja lililonse payenera kuti panatsala kope: pa kompyuta ya labu, pa seva, pa diski yonyamulira, pa kompyuta ya wolandira. Werengerani hash ya lililonse, kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro. Pamene hash yoipa yakumana ndi yabwino, pakati pamenepo ndi pamene panachitikira zinthu, ndipo mwatsala ndi munthu mmodzi woti mumufunse kuti anachita chiyani, pa kompyuta iti.

Mukakhala ndi kope labwino ndi loipa, afananitseni byte ndi byte: fc /b pa Windows, cmp -l pa Linux. Malo amene asiyana amanena nkhani yake. Kusiyana kochepa koyambirira kwa fayilo kumaloza pulogalamu imene inasintha zolemba za m'mutu. Chigawo cha ma byte 512 kapena 4096 chodzaza ziro chimaloza diski yodwala. Kufanana mpaka pena pake kenako n'kutheratu kumaloza kukopera kumene kunaduka, kaya magetsi, kaya netiweki, kaya wina anazula fulashi msanga.

Pamene chasintha ndi chipangizo chenichenicho

Nthawi zina wina amabwerera ku diski yolandidwa ija, n'kuikoperanso, hash n'kusiyana ndi ya ulendo woyamba. Funso loyamba ndi loti, kodi inalumikizidwapo popanda write blocker? Kachipangizo kameneka kamakhala pakati pa diski ndi kompyuta, kamalola kuwerenga koma kamakana kulemba. Popanda iko, Windows imapanga foda ya System Volume Information ikangoona diski, Mac imaikamo .Spotlight-V100 ndi .fseventsd, munthu asanadine kalikonse. Write blocker nayonso imafuna kuyesedwa: tengani fulashi yoyesera, yezani hash, yesani kulembamo kudzera pa blocker, yezaninso, ndipo lembani tsiku limene mwayesa.

Koma pali nthawi imene blocker ilipo, yabwinobwino, hash n'kusiyanabe. SSD, diski ya mtundu watsopano yopanda mbale yozungulira m'kati, imadzisesa yokha. Ikangolandira magetsi, kabongo kake kam'kati kamapitiriza kufufuta malo amene kompyuta inauza kale kudzera mu TRIM kuti sakugwiranso ntchito, ndipo blocker siingaletse zimenezi poti sizikudutsa pa chingwe. Kusiyanako kumakhala m'malo opanda mafayilo, pamene pamakhala zofufutidwa. N'chifukwa chake SSD iyenera kukoperedwa ulendo woyamba umene yapatsidwa magetsi, osaisiya ili yoyaka podikira. Kope loyambalo ndilo muyeso. Kuti musonyeze kuti mafayilo enieni sanasinthe, fananitsani hash za mafayilo m'makope awiriwo.

Diski yokalamba ili ndi malo amene lero akuwerengeka, mawa ayi. Pulogalamu yokopera ikalephera kuwerenga malo otere imaikapo ziro n'kulemba manambala ake mu lipoti. Tsegulani malipoti onse awiri muone ngati malo olephereka ndi omwewo. Onaninso chiwerengero cha ma sector, tizigawo timene diski inagawidwamo: diski ikhoza kukhala ndi chigawo chobisika cha HPA kapena DCO chimene chipangizo china chinachiona pamene china sichinachione. Chiwerengero cha mu lipoti chikachepa poyerekeza ndi cholembedwa pa chikopa cha diski, yang'anani kumeneko.

Foni ndi nkhani ina. Imakoperedwa ili yoyaka, ndipo sekondi iliyonse ikulemba zake, kotero makope awiri a foni imodzi safanana. Hash imene ili ndi tanthauzo ndi ya fayilo imene chipangizo chokopera chatulutsa. Chimene mungateteze ndi zam'kati: airplane mode, Wi-Fi ndi Bluetooth zozimitsa, thumba la Faraday lotseka mafunde kuti mwini wake asaifufute ali kutali, ndi power bank m'thumba momwemo chifukwa foni yosaka netiweki imadya batire msanga. Musazengereze nayo. Kuyambira pa iOS 18.1, iPhone imene yakhala yokhoma maola 72 imadzizimitsa n'kuyakanso yokha, ndipo ikatero zambiri zam'kati zimakhala zomangidwa mpaka nambala yachinsinsi italowetsedwa.

Hash ikugwirizana, koma umboni ndi wowonongeka

Ili ndi vuto loopsa kuposa onse chifukwa palibe chimalira. Hash imangotsimikiza kuti fayilo siinasinthe kuchokera nthawi imene inayezedwa. Ikayezedwa fayilo itawonongeka kale, idzateteza chowonongekacho mokhulupirika mpaka kukhoti.

Zimachitika kwambiri ndi matebulo ochokera ku makampani a mafoni ndi mabanki. Fayilo ya CSV, tebulo losungidwa ngati mawu okhaokha, yafika, wofufuza waidina kawiri, yatseguka mu Excel, wakonza mizati kuti ioneke bwino, wasunga, kenako wawerengera hash. Excel imasunga manambala 15 okha molondola. Nambala ya ICCID ya pa SIM khadi ili ndi manambala 19 kapena 20, ndiye omalizirawo amasanduka ziro. IMEI, nambala yozindikiritsa foni yeniyeniyo, imaoneka ngati 3.5E+14, ndipo mukasunganso ngati CSV imalembedwa choncho. Ziro woyambirira pa nambala ya foni amagwa. Deti la 03/04 likhoza kutembenuka kuchoka pa 3 April kukhala 4 March malinga ndi mmene kompyutayo inaikidwira. Tsamba limodzi limathera pa mizere 1,048,576, ndipo la xls yakale pa 65,536, yotsalayo siilowa. Yezani hash fayilo ikangofika, musanaitsegule. Ilowetseni mu Excel kudzera pa From Text/CSV, mizati ya manambala muiike ngati Text, ndipo werengani mizere ya m'fayilo yoyambirira muifananitse ndi imene yalowa. Mu 2019 ku Denmark kunapezeka kuti pulogalamu ya apolisi yosanja uthenga wochokera ku makampani a mafoni inkasiya mizere ina. Milandu yoposa 10,000 inayenera kuunikidwanso, ndipo anthu 32 anatulutsidwa m'ndende podikira.

Kanema wa CCTV amawonongeka mwa njira yomweyo. Makina ojambulira ambiri ali ndi mtundu wawo wa fayilo, monga dav ya makina a Dahua, ndipo poti siitseguka pa kompyuta wamba, anthu amaisandutsa MP4 n'kutaya yoyambayo. Kusandutsako kumapanikizanso zithunzi, nthawi zina kumadumpha zina kapena kusintha liwiro. Tulutsani mtundu weniweni wa makinawo pamodzi ndi pulogalamu yake yoonera, umenewo ndiwo umboni. MP4 ikhale yongothandiza kuonetsa, yolembedwa choncho. Musanachoke pamalopo jambulani wotchi ya makinawo pambali pa foni imene ikutenga nthawi ku netiweki, mulembe kuti yatsogola kapena yatsalira ndi mphindi zingati. Ndipo pitani msanga, chifukwa diski ya makinawa ikadzaza imalemba pamwamba pa zakale.

Madeti a mafayilo nawonso salowa m'hash, ndiye amatayika mwakachetechete. Kukopera fayilo kupita m'foda ina kapena pa diski ina kumasintha tsiku limene inapangidwa kukhala la lero. NTFS imasunga nthawi mu UTC, muyeso wa nthawi wa dziko lonse lapansi, FAT imasunga nthawi ya kumaloko ndipo imaiwerenga m'masekondi awiriawiri. Ngati madeti ali ndi ntchito pa mlanduwo, tengani mafayilowo m'chikwama cha AD1 kapena L01 chimene chimasunga madeti m'kati. Mukakakamizika kukopera wamba, gwiritsani robocopy, pulogalamu yokopera ya pa Windows, ndi /E /COPY:DAT /DCOPY:T /LOG, muwonjezere /R:3 /W:5, apo ayi ikakumana ndi fayilo yovuta imayesa maulendo 1 miliyoni, kudikira masekondi 30 ulendo uliwonse.

Kutumiza kopanda kuwononga ndi kopanda kuulula

Kope loyambirira likhale lokhomedwa, losatsegulidwa ndi aliyense. Ntchito yonse ichitike pa kope lachiwiri, ndipo chotumiza chichokere ku loyambiriralo. Pangani mndandanda wa mafayilo onse, lililonse ndi kukula kwake ndi SHA-256 yake. Mangani mafayilowo ndi mndandandawo m'chikwama chimodzi cha 7z chokhomedwa ndi AES-256, mutachonga Encrypt file names. Chikwama chimateteza mafayilo ku mapulogalamu a m'njira amene amakonda kuwakonza. Pewani ZipCrypto, ndi loko wakale wothyoka mosavuta. ZIP yokhoma imaonetsanso mayina a mafayilo kwa aliyense, ndipo mayinawo nthawi zambiri amakhala a wodandaula kapena mboni.

Hash ya chikwamacho ilembedwe pa kalata yoperekera, osati m'chikwama mokhamo. Pasiwedi idutse njira ina: chikwama pa intaneti, pasiwedi pa foni. Kuilemba pa kapepala n'kumata pa diski n'chimodzimodzi kusakhoma. Wolandira ayeze hash ya chikwama asanatsegule, ayeze mafayilo ndi sha256sum -c kapena pulogalamu ina yofananitsa ndi mndandanda, kenako asayine kuti walandira, ndi tsiku ndi nthawi. Kutumiza sikunathe mpaka yankho limenelo litabwera.

Diski yonyamulira ikhomedwe yonse ndi BitLocker To Go kapena VeraCrypt. Mu 2018 ofesi yoimira boma pa milandu ku England ndi Wales, Crown Prosecution Service, inalipitsidwa £325,000 itataya ma DVD osakhoma okhala ndi mafunso amene apolisi anachita ndi anthu 15 ochitidwa nkhanza zogonana ali ana. Imelo siyoyenera: Gmail imathera pa 25 MB, fayilo imakula pafupifupi gawo limodzi mwa atatu ikamangidwa mu imelo, ndipo pulogalamu ikamamalizitsa yokha dzina la wolandira n'kosavuta kutumiza kwa munthu wina wa dzina lofanana. Linki yotsitsira ikhale ya akaunti ya munthu wotchulidwa dzina, yokhala ndi tsiku lothera, yofuna chitsimikizo chachiwiri polowa, ndipo seva izilemba amene watsitsa ndi nthawi yake. Linki yoti aliyense amene ali nayo atsegule ilibe malo pa umboni. Zithunzi za nkhanza zochitira ana sizitumizidwa m'njira zimenezi n'komwe. Ku America, mwachitsanzo, lamulo la Adam Walsh la 2006 limati loya akazionere pamalo a boma, osapatsidwa kope.

Wolandira akanena kuti mafayilo ena akusowa pomasula chikwama, zifukwa zimakhala ziwiri. Antivayirasi yagwira ena, makamaka ngati umboniwo uli ndi mapulogalamu oipa. Onani kaundula wake, ndipo masulani pa kompyuta yopatulidwira ntchitoyi. Kapena njira ya mafoda yapitirira zilembo 260, malire amene mapulogalamu ambiri a Windows amatsatabe. Masulani pafupi ndi tsinde la diski, m'foda ya dzina lalifupi.

Kope lobisa mayina a mboni ndi chinthu chatsopano, lipatseni nambala yake ndi hash yake, mulembe kuti lachokera ku liti. Ndipo kubisako kukhale kwenikweni. Kujambula bokosi lakuda pamwamba pa mawu mu PDF sikuchotsa mawuwo. Mu January 2019 atolankhani anawerenga zimene maloya a Paul Manafort, amene anali mkulu wa kampeni ya Donald Trump ku America, anaphimba motere pongokopera n'kumata pena. Yesani nokha musanatumize: sankhani zonse, koperani, matani mu Notepad, muone chimene chituluke.

Zikakanika kukonzeka

Ngati kope loyambirira lili bwino, vuto latha: tumizaninso kuchokera pamenepo, sungani kope loipalo pambali, lembani zimene zinachitika. Ngati loyambiriralo ndilo lawonongeka ndipo palibe lina, pali chinthu chimodzi choti musachite: kuwerengera hash yatsopano n'kuilemba pamalo pa yakale. Kuwonongeka kwangozi kumafotokozeka m'khoti, koma kusintha doketi kumaoneka ngati kubisa. Malangizo a ACPO, limene linali bungwe la akuluakulu a polisi ku Britain, ndiponso muyezo wa padziko lonse wa ISO/IEC 27037 wa 2012, amafuna kuti chilichonse chochitidwa pa umboni chilembedwe mokwanira moti katswiri wina wapadera atatsata njira yomweyo apeze zomwezo.

Onani chimene chapulumuka. Mu E01 ewfverify ikuuzani ma sector owonongeka, ndipo mukhoza kusonyeza mafayilo amene akhudzidwa ndi amene sanakhudzidwe. Mndandanda wa hash za fayilo lililonse umagwira ntchito yomweyo: mwa mafayilo 5,000 mwina atatu okha ndi amene akana.

Makope osungidwa akhale awiri, pa zipangizo ziwiri, m'malo awiri, ndipo aziyezedwa nthawi ndi nthawi osadikira sabata ya mlandu. Posamutsa umboni kupita ku seva yatsopano musagwiritse Move kapena Cut. Koperani, yezani, munthu wachiwiri atsimikize, kenako fufutani zakale. Mu 2021 mzinda wa Dallas ku America unataya mafayilo a apolisi oposa ma terabyte 20 pa ntchito yosamutsa ngati imeneyi.

Lipoti lofotokoza kusiyanako likhale ndi hash yoyamba ndi amene anaiyeza, tsiku ndi pulogalamu yake. Hash yatsopano ndi tsiku limene kusiyanako kunapezeka. Kukula kwa makope onse awiri m'ma byte. Malo enieni amene asiyana. Dzanja limene zinachitikira ndi chifukwa chake ngati chadziwika. Ndi mayina a mafayilo amene akhudzidwa. Lipite kwa woimira boma pa milandu tsiku lomwelo, kuti mbali ya woimbidwa mlandu iuzidwe mlandu usanalowe m'khoti.